Za Amisiri Oyamba a Ngalawa Zoyenda Pansi pa Madzi

Masiku ano maiko ambiri ali nazo ngalawa zazikuru zacitsulo zimene ziyenda pansi pa nyanja monga nsomba, ndipo zina zikhala komweko miyezi iwiri kapena itatu osaturukira pamwamba. Pakumva izi ena ayesa kuti nzeru yotere inabadwa yokhwima kale m'nyumba za mafumu, koma sikunatero ai. Oyamba kuyesa nchitoyi anali anthu wamba: wina mmisiri wa matabwa, wina kopolo wa asilikari, wina wodziwa malamulo, ndipo ambiri a iwo analipira ndi moyo wao ndi wa anzao. Tifuna kufotokoza mbiri ya ena mwa iwo, kuti tione cimene cinawapha ndi cimene cinapulumutsa otsalawo. Pakuti kumiza combo sikusowa mmisiri, ngakhale mwala umira wokha. Luso lonse liri pa kubvuuka, ndipo apa mpamene anthu awa anasiyana.

John Day ndi kubecha kwace

Tiyambe ndi John Day, mmisiri wa matabwa wa ku England. Munthuyu anafalitsa mbiri yakuti iye anadzitsekera m'bwato, namira nalo m'madzi osaya pafupi ndi mudzi wa Yarmouth, nabvuuka wamoyo. Ataona kuti anthu azizwa, anaganiza zopezerapo cuma. Tsono anapangana ndi munthu wina wolemera wokonda juga, dzina lace Christopher Blake, kuti Blake apereke ndalama za nchitoyo, nabeche ndi anzace kuti Day adzatsika mamita 30 pansi pa nyanja, nadzakhala komweko maora 12, nadzabwera wamoyo.

Anagula ngalawa ya matanga ya matani 50, dzina lace Maria. M'kati mwace Day anamanga cipinda ca matabwa ocindikala, nacimata bwino kuti madzi asalowe. Kunsi kwa ngalawayo anapacika miyala yolemera, yogwidwa ndi mabauti ofika m'cipindamo, kuti nthawi ikakwana iye amasule mabautiwo, miyala igwe, ngalawa ikwere yokha. M'mwezi wa June 1774, pa dooko la Plymouth, anthu ali kupenya, analowa m'cipinda cace atatenga kandulo, mabisiketi ndi madzi akumwa, natseka. Poyamba ngalawa inakana kumira, ndipo anthu anaonjezamo miyala yina kufikira inamira. Maora 12 anatha, usiku unapita, kunaca, koma ngalawayo siinaonekenso. Amalinyero a boma anayesa kuikoka ndi zingwe, nalephera. John Day ndiye munthu woyamba wolembedwa m'mabuku kuti anafera m'combo ca pansi pa madzi.

Kodi cinamlakwira nciani? Amai onse amene asenza ndowa kucokera ku citsime adziwa kuti madzi alemera: ndowa ya malita 20 ilemera makilogalamu 20. Tsono ganizirani munthu ali pansi pa nyanja, madzi onse a pamwamba pace ali kumsenzetsa katundu wao. Ophunzira anayesa kulemera kumeneku, napeza kuti munthu akatsika mamita 10, madzi akanikiza ndi matani 10 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiwo ukuru wa kathebulo kakang'ono. Matani 10 ndiwo matumba 200 a cimanga. Pa mamita 30, pamene Day anafuna kufika, pali matani 30, ndiwo matumba 600, pa kamalo komweko. Ndiponso madzi sakanikiza kucokera kumwamba kokha, koma ku mbali zonse ndi kunsi komwe.

Cipinda ca Day cinali ndi makoma oongoka monga bokosi, ndipo khoma loongoka ligonja msanga; koma cinthu cobulungira cigawa katundu ponseponse, monga dzira silisweka msanga polifinya ndi dzanja lonse. Odziwa za madzi ayesa kuti matabwawo anaphwanyika Day asanakhudze ndi mabauti omwe. Iye anaona madzi osaya, naganiza kuti akuya ali cimodzimodzi. Akadayamba wamiza cipinda cace copanda munthu pa malo omwewo, akadataya matabwa okha.

Wilhelm Bauer, amene analola madzi kulowa

Patapita zaka 76, m'caka ca 1850, kunali nkhondo kumpoto kwa dziko limene lero ndi Germany, ndipo ngalawa za nkhondo za Denmark zinatseka njira ya ku dooko la Kiel. Mwa asilikari a kumeneko munali kopolo wina, Wilhelm Bauer, wobadwira ku Dillingen m'caka ca 1822, amene paunyamata wace anaphunzira nchito ya matabwa. Iye anajambula combo cacitsulo coti cifike mobisika kunsi kwa ngalawa za adani ndi kumangirirapo wonga. Ndalama zace zinasonkhedwa kwa asilikari anzace ndi kwa anthu a m'midzi, koma sizinakwane, ndipo potero omanga anacepetsa zimene iye analemba. Makoma amene anayenera kucindikala mamilimita 12 anacindikala 6 okha. Mathanki osungamo madzi omizira combo anawasiya, nangoti madziwo azilowa pansi pa combo momwemo, kunsi kwa matabwa opondapo. Dzina lace linali Brandtaucher; kutalika kwace kunali mamita 8, ndipo cinanyamula anthu atatu: mmodzi woongolera, ndi awiri ozunguza magudumu aakuru amene anayendetsa mapiko acitsulo a kumbuyo, opalasa madzi m'malo mwa nkhafi.

Pa 1 February 1851 Bauer analowamo ndi anzace awiri, Witt ndi Thomsen, kuti ayese kumira. Madzi amene analowetsa anathamangira kumbuyo, popeza panalibe cowaletsa. Amene anakwerapo bwato lokhala ndi madzi m'kati adziwa kuti bwato likapendeka pang'ono, madzi onse atsata komweko, nalipendeketsa koposa. Momwemo combo cinaimirira mbuyo pansi mutu m'mwamba, zitsulo zolemetsa zinagubuduka, ndipo cinatsetsereka kufikira pansi pa dooko. Makoma opyapyala aja anapindikira m'kati, ndi madzi anayamba kulowa m'ming'alu.

Kutsegula citseko kunali kosatheka. Pano tikumbukire matumba aja: kacitseko kozungulira ka theka la mita, kakakhala pansi pa madzi a mamita 10, kasenza matani 2, ndiwo matumba 40, ndipo palibe munthu wotukula zimenezo ndi msana. Anzace a Bauer anafuna kupopa madzi ndi mphamvu zao zonse, monga acita munthu ali yense bwato likabooka. Koma Bauer anawaletsa, nawauza mau obvuta kuwalandira, akuti aleke kupopa, akhale cete, alole madzi alowe. Nzeru yace inali yotere. Mukabvundikira cikho m'ndowa ya madzi, mpweya wa m'cikhomo suthawa, koma madzi aupanikiza, ndipo mpweya wopanikizidwa nawonso ukankha. Madzi akacuruka m'combo, mpweya usowa malo, nukankha citseko kucokera m'kati, kufikira mphamvu yace ilingana ndi ya madzi a kunja. Pamenepo citseko cipepuka.

Anakhala maora ngati 6 m'madzi ozizira a nyengo ya cisanu, madzi ali kukwera pang'onopang'ono m'matupi mwao. Pamwamba anthu ofuna kuthandiza anaponya anangula ndi maunyolo, zimene zikadakhoza kuswa magalasi a combo kapena kumanga citseko comwe. Potsiriza citseko cinatseguka, ndipo mpweya poturuka unawaponyera pamwamba onse atatu ali amoyo. Awa ndiwo anthu oyamba kupulumuka m'combo comira. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Koma tizindikire kuti Bauer anakhoza kudekha cifukwa anadziwa macitidwe a madzi ndi mpweya asanalowe m'ngoziyo. Pakati pa mantha sipakhala nthawi ya kuphunzira.

Brandtaucher anabvuulidwa m'caka ca 1887, ndipo asungidwa ku Dresden m'nyumba ya zinthu zakale za nkhondo. Bauer anapita ku Russia, namanga combo cina ku St Petersburg m'caka ca 1855, dzina lace Seeteufel. Cimeneci cinamira ndi kubvuuka nthawi zoposa 130. Potsiriza naco cinatsalira pansi, koma anthu ace onse anapulumuka. Bauer anamwalira pamtunda, ku Munich, m'caka ca 1875.

Combo cimene cinamira katatu

Tsopano tioloke nyanja tinke ku America, kumene kunali nkhondo ya pacibale kuyambira 1861 kufikira 1865, pakati pa a kumpoto ndi a kummwera, pa mlandu wa ukapolo. Monga kunacitikira ku Kiel, a kumpoto anatseka madooko a kummwera ndi ngalawa zao. Horace Hunley, munthu wodziwa malamulo wa ku New Orleans, anapereka cuma cace kuti amisiri awiri, James McClintock ndi Baxter Watson, amange zombo za pansi pa madzi. Coyamba anacimiza okha pothawa adani, caciwiri cinamira pocikoka m'mafunde, ndipo cacitatu anacitsiriza ku Mobile m'mwezi wa July 1863. Cinali ca mamita 12, copapatiza kotero kuti munthu sanakhoze kuimiriramo. Anthu 7 anakhala mondandalika, napukusa ndi manja mtanda wacitsulo woyendetsa mapiko a kumbuyo, ndipo wacisanu ndi citatu anaongolera. Zitseko zinali ziwiri zokha, zazing'ono, ca kutsogolo ndi ca kumbuyo. Anacinyamula pa njanje kunka naco ku Charleston, nacipatsa dzina la Hunley.

Pa 29 August 1863 combo cinamira pafupi ndi gombe, zitseko ziri zotseguka. Mmodzi wa opulumuka anasimba kuti mtsogoleri wao, John Payne, anaponda mwangozi cigwiriro cotsitsira combo. Anthu 5 anafa. Anacibvuula, nacitsuka, nafuna anthu ena.

Pa 15 October caka comweco Hunley mwini anatsogolera kuyesa kwina, ndipo combo cinamira osabweranso. Atacibvuula patapita masabata atatu, anapeza zimene zinafotokoza imfa yao. Mutu wa combo unali utazika m'thope. Mpopi wolowetsa madzi m'thanki ya kutsogolo unali wotseguka. Ndipo popeza mathanki ace analibe zobvundikira, madzi atadzaza thanki anasefukira mwa anthu. Kunsi kwa combo kunali zitsulo zolemetsa zoti zigwe pomasula mabauti, monga miyala ya John Day. Mabautiwo anapezeka atapotolozedwa pang'ono, koma osafika pomasuka. Hunley anampeza pansi pa citseko ca kutsogolo, kandulo yosayatsa iri m'dzanja. Anafa onse 8. Cipangizo copulumutsira cinalipo ndithu, koma cinafuna nthawi ndi kuunika, ndipo pa ngozi ziwirizi zisowa.

Mkuru wa asilikari a ku Charleston, Beauregard, anazengereza kulola kuti combo ciyendenso, koma George Dixon anamuumiriza, napeza anthu ena odzipereka. Awa anayesa tsiku lina kuona nthawi imene munthu akhoza kukhala pansi osalandira mpweya watsopano. William Alexander, amene anali momwemo, analemba kuti kandulo yao inazima patapita mphindi 25, koma iwo anapirira mumdima maora 2 ndi mphindi 35.

Apa pali mdani waciwiri, wosaoneka ndi maso. Mwa magawo 100 a mpweya umene tipuma, 21 okha ndiwo opatsa moyo, ndipo ndi omwewo amene moto uyaka nao. Munthu popuma awadya, naturutsa mpweya woipa. M'cipinda cotseka wabwino unka nucepa, woipa unka nucuruka. Kuopsa kwace nkwakuti uyamba kugwira nzeru usanagwire thupi: mutu uwawa, tulo tibwera, maganizo asokonezeka, ndipo munthu amene anayenera kutseka mpopi kapena kumasula bauti aiwala cimene manja ace anafuna kucita.

Usiku wa pa 17 February 1864 Dixon ndi anzace anafika pa ngalawa ya nkhondo ya a kumpoto, dzina lace Housatonic, naiphulitsa ndi wonga womangidwa ku nsonga ya mtanda wa mamita 5 woturuka ku mutu wa combo cao. Housatonic inamira, nafamo anthu 5. Aka kanali koyamba kuti combo ca pansi pa madzi cimize ngalawa ya adani. Koma Dixon ndi anzace sanabwerere. Combo cao cinapezeka m'caka ca 1995, nicibvuulidwa pa 8 August 2000, ndipo mafupa a anthu 8 anali m'malo ao a nchito, yense pokhala pace. Ophunzira ena aganiza kuti kuphulika kwa wonga wao womwe kunawapha pomwepo, popeza anali pafupi kwambiri. Anaikidwa m'manda ku Charleston m'caka ca 2004. Tikawerengera pamodzi, combo ici cinapha adani 5, ndi eni ace 21.

Zotere sizinacitike ku Charleston kokha. M'caka ca 1866, pamene ngalawa za Spain zinaombera mudzi wa Valparaíso ku Chile, mmisiri wa ku Germany wokhala kumeneko, Karl Flach, anamanga combo cace mofulumira. Pa 3 May anamira naco pa dooko pociyesa, ndipo anafa anthu 11, pamodzi ndi Flach mwini ndi mwana wace wamwamuna, amene anamtenga kuti apite naye.

Cimene mbiriyi itiphunzitsa

Tikaika nkhani izi pamodzi tiona kuti anthu awa sanali opusa. Anali a luso ndi olimba mtima, ndipo zimene anayamba zinapindulitsa amisiri a m'mbuyo mwao. Koma mwa onse munali cinthu cimodzi: tsiku la kuyesa linaikidwa ndi cina, osati ndi kukhwima kwa nchito. Day anafulumizidwa ndi ndalama za obecha. Bauer, Hunley ndi Flach anafulumizidwa ndi nkhondo. Mwa kufulumira komweko anacepetsa citsulo, nasiya mathanki, nalowetsa anthu ambiri m'cinthu cosayesedwa. Nyumba yomangidwa mofulumira iyamba yang'aluka, nicenjeza eni ace aturuke. Koma pansi pa madzi kung'aluka ndi kugwa zidza nthawi imodzi.

Alipo amene anayenda njira yina. Simon Lake, mnyamata wa ku New Jersey ku America, anapanga kacombo kace koyamba ndi matabwa m'caka ca 1894, kamene anakacha Argonaut Junior. Kanali ka mamita 4, kokhala ndi magudumu oyendera pansi pa mtsinje, ndipo anakayendetsa m'madzi osaya, molingana ndi mphamvu ya matabwa ace. Ataphunzira za kameneko anamanga cacitsulo m'caka ca 1897, cimene cinayenda ulendo wautali pa nyanja caka cotsatira. Lake anakalamba ali pa nchito yomweyo, namwalira m'caka ca 1945.

Malamulo amene amisiri atsata lero anagulidwa ndi imfa zimene tachulazi. Combo catsopano ciyesedwa copanda munthu, pa mphamvu yoposa ya madzi amene cidzayendamo. Anthu ena, osati mwini wace, ayang'ana citsulo ndi moocherera monse, pakuti mwini aona cokoma cokha ca nchito yace, ndipo mutu umodzi susenza denga. Zolemetsa zikonzedwa kuti zigwe msanga pongokoka kamodzi, ngakhale mumdima. Aikamo mankhwala omwa mpweya woipa ndi zipangizo zoyesera mpweya wabwino. Ndipo pamwamba pakhala ngalawa ya anthu odziwa pamene combo ciri ndi cimene adzacita cikacedwa.

Tisayese kuti ngozi izi zinatha ndi masiku a makandulo. Pa 18 June 2023 combo cina, dzina lace Titan, cinatsika ndi anthu 5 kukaona ngalawa ya Titanic, imene igona mamita 3,800 pansi pa nyanja ya Atlantic. Eni ace anacimanga mwa njira yatsopano, ndipo sanacipereke kwa oyesa a padera kuti acibvomereze, ngakhale amisiri ena anawacenjeza. Madzi anaciphwanya, nafa onse 5, pamodzi ndi Stockton Rush, mkuru wa nchitoyo. Kucokera kwa John Day panali patapita zaka 249, koma kulemera kwa madzi kunali komweko.

M'maiko ena alipo kufikira lero anthu amene aocherera zombo zotere kuseri kwa nyumba zao, ndipo ponseponse alipo anyamata a manja aluso amene mtima wao ufuna kupanga cimene anzao sanapange. Mtima wotere sitiunyoza, pakuti popanda iwo dziko likadakhala losauka nzeru. Koma inu owerenga, mukaona wina wapanga cinthu coti cinyamule munthu kumene munthu sakhoza kukhala yekha, musayambe ndi kumfunsa ngati cidzayenda. Mfunseni kuti wayesa kangati copanda munthu, ndani wina waciona, ndipo cikalakwika mumdima adzaturuka bwanji. Akasowa poyankha, msalowemo, ndipo msalole mwana wanu alowemo; safunsa anadya phula.